MTENGO WA ZIPATSO KUSERI KWA NYUMBA

Munthu wochokera ku Mponela kuloŵera kumadzulo, kunka ku Chisepo m'dera la Mfumu Kayembe m'boma la Dowa, akayenda m'mwezi wa Okutobala amapeza dziko lili mbee. Minda imakhala itakololedwa kale, udzu utapsa, ndipo kamvulumvulu amangonyamula fumbi ndi mapesi. Koma apo ndi apo pamaoneka mitengo yogudira, ya masamba obiriŵira kwambiri. Imeneyo ndi mitengo ya mango. Pamene pali mango ambiri, pomwepo pali mudzi. Nthaŵi zina mtengo wa mango umapezeka uli wokhawokha pakati pa munda, popanda nyumba ndi imodzi yomwe pafupi. Akuluakulu akauona amadziŵa kuti pamenepo ndi pabwinja, kale padali khomo la munthu. Nyumba idagwa, nkhokwe idadyedwa ndi chiswe, mwini wake adagona kumanda, koma mtengo umene adabzala ukudyetsabe anthu.

Chodandaulitsa n'chakuti mitengo yotereyi ikunka nichepa. Yambiri mwa imene yatsala njokalamba, ndipo pafupi pake sipaoneka ina yaing'ono yodzaloŵa m'malo mwake. Chaka ndi chaka nkhwangwa imagwetsa ina kuti ikawotche njerwa. Gwero la vutoli ndi maganizo akuti zipatso n'za ana, zongotsekemeretsa m'kamwa, ndi kuti chakudya chenicheni ndi nsima yokha. Maganizo ameneŵa ngolakwika. Mtengo wa zipatso umene uli kuseri kwa nyumba ndi nkhokwe yachiŵiri ya banja. Khomo lopanda mtengo wotere n'losauka, ngakhale nyumba yake ikhale yofolera malata.

Abambo ndi amayi amene adakulira ku Chisepo zaka 40 kapena 50 zapitazo akayamba kusimba za ubwana wawo, sachedwa kutchula mitengo. Amakumbukira khomo la agogo awo mtengo ndi mtengo, ngati kuti akuŵerenga abale. Kuseri kwa nyumba kudali mango. Pafupi ndi bafa padali phata la nthochi limene linkamwa madzi osambira. Padzala padali mapapaya ongomera okha kuchokera ku njere zotayidwa, ndipo cha kukhola kudali mtengo wa magwafa wa khungwa loterera. Makomo ena adali ndi mandimu, mabulosi, ngakhalenso mapeyala. Palibe amene ankatcha malowo munda wa zipatso. Lidali khomo chabe, monga momwe khomo liyenera kukhalira.

Ntchito zambiri za pakhomo zinkachitikira pansi pa mango. M'chilimwe, dzuŵa likafika paliwombo, m'nyumba simukhalika. Amayi ankaika mtondo pamthunzi n'kumakonola chimanga, atsikana akupeta. Agogo aamuna ankasoka mphasa kapena kusema mipini atatsamira tsinde. Mlendo akafika ankamuyalira pomwepo n'kumupatsa chikho cha thobwa. Wodwala amene watopa ndi kugona m'nyumba ankamutulutsira pomwepo kuti apitidwe mphepo. Pakagwa maliro, abambo ankasonkha moto wawo pansi pa mtengo womwewo. Ana nawo ankachitirapo masanje, ena akuseŵera phada, ena akulendeŵera pa nthambi. Ngakhale nkhuku zinkadziŵa kuti mphamba akaoneka, pothaŵira mpomwepo.

Koma nyengo imene ana ankaidikira ndi mtima wonse idali ya kupsa kwa mango. Mitengoyi imachita maluŵa cha mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo tizilombo touluka timadzaza m'nthambi tsiku lonse. Timango tikangoyamba kuoneka, ana ankayamba kuŵerenga masiku. Ambiri ankalephera kupirira. Ankatapa mchere m'chigulu mobisa n'kumadya mango aaŵisi mpaka mano kuyayamira, ndipo utomoni unkawatentha m'milomo n'kusiya zilonda zimene zinkawaulula. Amayi akaona zilondazo sankafunanso mboni. Ankangoti, "Ana inu, kodi mango ameneŵa akuthaŵa? Bwanji osadikira kuti apse?"

Mango akapsa, cha mu Novembala ndi Disembala, tulo tinkachepa. Usiku kukawomba mphepo yotsogolera mvula, mwana ankagona khutu lili kunja, akumvetsera mango akugwa kuti phi! phi! Tambala woyamba akangolira, aliyense ankathamanga ndi dengu lake, mame ali m'miyendo. Wogonereza ankapeza makoko okha ndi zotsala za mileme. Ana ankaudziŵa mtengo uliwonse pamudzi ndi kukoma kwake. Ankadziŵa pamene pali maboloma akuluakulu okhutitsa, pamene pali kalisere wamng'ono wotsekemera, ndiponso mtengo umene mango ake amaŵaŵasa ngakhale atapsa. Zotsala nazo sizinkatayidwa. Atsikana ankatsuka njere ya mango, n'kupesa ulusi wake ngati tsitsi, n'kuibereka kumbuyo ngati khanda. Anyamata ankaboola phesi la tsamba la papaya n'kupanga chitoliro, ndipo mphanda ya gwafa inkasanduka legeni.

Mitengoyi idalinso pophunzirira mwambo. M'midzi yambiri chipatso chogwa chokha chinkatoledwa ndi aliyense wodutsa, koma kukwera mumtengo wa mwini kapena kugenda osapempha kudali kuba. Mwana woleredwa bwino ankayamba wagwada n'kunena kuti, "Agogo, timati tithyoleko mango." Ndipo nkhalamba inkayankha kuti, "Thyolani adzukulu anga, koma nthambi zokha musandithyolere." Wokwerayo akatsika ankasankha mango abwino n'kukapereka kwa mwini mtengo, kenaka n'kugaŵira ang'onoang'ono amene sakadatha kukwera. Apo ndi pamene iye mwini ankadya.

Wina atha kunena kuti zonsezi ndi nkhani za ubwana chabe, zokoma kumva koma zosakhutitsa. Tsono nkhaniyi iyenera kuonedwa ndi maso a mayi amene amatapa chimanga m'nkhokwe. Ku Chisepo, monganso m'madera ambiri a chigawo chapakati, chimanga chimakololedwa cha mu Epulo ndi Meyi. M'mabanja ambiri nkhokwe imayamba kuonetsa pansi mvula ikamayamba, ndipo miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale imakhala yoŵaŵa. Miyezi yomweyi ndiyo ya ntchito yaikulu: kubzala, kupalira ndi kubandira. Kodi mango amapsa liti? Amapsa pa nthaŵi yomweyo imene nkhokwe yayamba kupepuka. Mwana amene wadya mango atatu m'maŵa amatha kukhala m'kalasi mpaka kuŵeruka osalira njala. Mango akamatha mu Januwale, mapeyala ndi magwafa amakhala akuyandikira. M'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi kumabwera malalanje, manachesi ndi mandimu. Nthochi ndi mapapaya sizisankha kwenikweni mwezi. Banja lobzala mitundu inayi kapena isanu limakhala ndi chothyola pafupifupi chaka chonse, ndipo likatsala nazo limagulitsako kuti lipeze ya chigayo, ya sopo kapena ya makope a ana.

Amene adaona njala ya chaka cha 2002 safuna kuchita kuuzidwa zimenezi. Njala imeneyo idasautsa kwambiri maboma a chigawo chapakati, monga Dowa, Kasungu, Mchinji ndi Salima. Chimanga chidasoŵa m'nkhokwe ndi m'misika momwe. Kuyambira kumapeto kwa 2001, mabanja ambiri ankaphika mango aaŵisi n'kumadya m'malo mwa nsima, ndipo mango atatha ena adafika pokumba zitsa za nthochi. Sichidali chakudya chokoma. Komabe khomo lokhala ndi mitengo lidali ndi potereka mphika, pamene khomo lopanda mitengo linkayenda ndi mbale kwa anzawo. Ndipo zaka zoipa sizidathere pomwepo. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino adali pa ngozi kaamba ka chilala. Chimanga chimafota mvula ikadula masabata atatu, koma mtengo wa mango wokhwima, umene mizu yake idazama, umabereka ndithu.

Ngakhale m'chaka cha dzinthu, nsima yokha siimanga thupi. A zaumoyo amaphunzitsa kuti munthu azidya zakudya za magulu 6: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zamafuta ndi zipatso. Mango ndi mapapaya akupsa ali ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda. Gwafa, limene anthu amalipeputsa chifukwa limamera paliponse, lili ndi vitamini C wochuluka kuposa lalanje. Peyala lili ndi mafuta abwino. Kuti munthu azigula zimenezi pamsika tsiku ndi tsiku, ndalama zake n'zambiri. Pakhomo zimangofuna ngoŵe.

Kale anthu akadatha kunena kuti, "Tibzaliranji pamene kuthengo kuli zipatso?" Ndipo adali ndi chifukwa. Tchire lidali ndi matowo, maula, nthudza, mateme ndi mapoza, ndipo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi masuku ankangoyoyoka okha. Ana oŵeta ng'ombe ankatola masuku osapsa bwino n'kuwavundika m'kadzenje ataphimba ndi masamba, ndipo aliyense ankabisa dzenje lake kuti anzake asalidziŵe. Koma tchire limenelo lidasanduka minda. Pa kalembera wa 1977 dziko la Malaŵi lidali ndi anthu opitirira pang'ono 5.5 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 adapezeka oposa 17.5 miliyoni, ndipo boma la Dowa lokha lidali ndi anthu oposa 770,000. Anthu onseŵa amafuna minda, nkhuni ndi milimo. Kuwonjezera apo, Dowa ndi boma la fodya, ndipo fodya amadya mitengo: wa bale amafuna zigafa, wa chikopa amafuna nkhuni zomuŵambira. Lero mitengo yachilengedwe yatsalira m'mapiri, m'nkhalango zotetezedwa monga ya Ntchisi, ndi kumanda kumene mwana saloledwa kukathyola kanthu. Mwana amene makolo ake sadabzale mtengo amaona masuku ali pamulu pamsika, ndipo kuti alaŵe ayenera kutulutsa ndalama.

Ndi bwino kudziŵanso kuti zipatso zambiri za pakhomo sizidayambire m'dziko muno. Mango kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Adafika kugombe la kummaŵa kwa Africa ndi amalonda a panyanja, n'kumaloŵa kumtunda potsata njira za malonda, monga ija yodzera ku Nkhotakota. Magwafa, mapapaya ndi mapeyala adachokera ku America. Maina omwe amaulula ulendowo. Liwu lakuti lalanje lidachokera ku Chipwitikizi, lakuti nachesi lidachokera ku chiyankhulo cha Afrikaans cha ku South Africa, ndipo lakuti peyala ndi la Chingerezi. Choncho mtengo wakale uliwonse ku Chisepo uli ndi munthu kumbuyo kwake. Wina adanyamula njere m'thumba, mwina pochokera kunyanja, mwina pochokera ku mishoni ya Mvera imene idayamba mu 1889 kapena ya Kongwe imene idayamba mu 1894, mwinanso pobwera ku ntchito ku Harare kapena ku Johannesburg. Adakumba, adathirira, adaingitsa mbuzi. Odya lero ambiri sadziŵa ndi dzina lake lomwe.

Nanga odula amadula chifukwa chiyani? Sikuti ndi anthu oipa mtima. Mnyamata wofuna kukwatira amafuna nyumba ya njerwa zowotcha, ndipo uvuni umafuna zipika zazikulu zoyaka usiku wonse. Popeza mitengo yachilengedwe idatha, maso amagwera pa mango a agogo. Ena amagulitsa mtengo kwa owotcha njerwa kapena ocheka matabwa kuti apeze ndalama ya feteleza kapena yolipirira mwana ku sekondale. Izi n'zosoŵa zenizeni, ndipo siziyenera kunyozedwa. Koma kuŵerengera kwake n'kolakwika. Mtengo umene udatenga zaka 30 kuti ukule umasanduka phulusa m'masiku aŵiri kapena atatu. Ndalama yake imatha mwezi usanathe, pamene mtengowo ukadapitiriza kudzaza madengu chaka ndi chaka mpaka zidzukulu. Boma lidaona mmene njerwa zikuthera mitengo, ndipo mu 2018 lidaletsa njerwa zowotcha pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Koma lamulolo silifika pa nyumba ya munthu kumudzi. Kumeneko woteteza mango ndi banja lokha. Ngati nkhuni za uvuni zikufunikadi, kuli bwino kusadza nthambi zingapo zokalamba kusiyana ndi kugwetsa tsinde, pakuti mango amaphukanso.

Ena amati, "Mango alibe phindu. Akapsa amapsa onse nthaŵi imodzi, aliyense ali ndi ake, ndipo amangoolera pansi." Apa pali choona. Mu Disembala dengu lathunthu limapita ndi kandalama kochititsa manyazi. Komatu mango amene adyedwa ndi ana asanu pakhomo sadaole, ngakhale sadabweretse tambala ndi imodzi yomwe. Ndiponso vutoli lili ndi mankhwala ake, ndiwo kumezanitsa, kumene ena amati kukwatitsa mitengo. Mlimi amatenga kanthambi ka mtengo wobereka zipatso zabwino n'kukalumikiza pa mbande ya mango wamba, n'kumanga ndi pulasitiki mpaka zitagwirana. Mizu imakhala ya mango a makolo opirira chilala, koma zipatso zimakhala za mtundu wosankhidwa, monga Tommy Atkins, Kent kapena Keitt. Kent ndi Keitt alibe ulusi wambiri, ndipo amapsa mochedwa, pamene mango wamba atha pamsika. Mango obzala njere amatenga zaka 5 kapena kuposerapo asanabereke, pamene omezanitsa amayamba pa zaka 3.

Ngakhale mtengo wokalamba wa mango oŵaŵasa suyenera nkhwangwa. Odziŵa ntchitoyi amadula nthambi zake n'kumezanitsa mtundu wabwino pa mphukira zatsopano, ndipo mtengo womwewo umayamba kubereka mango ena. Masuku omwe amamezanitsika. Akatswiri a zamitengo a ku Makoka m'boma la Zomba adaonetsa kuti msuku womezanitsa umabereka msanga, pamene wobzala njere umachedwa zaka zambiri, ndipo ina imadzapezeka kuti njaimuna, yosabereka. Koma pano pafunika chenjezo. Mango amakono akakoma ogula, makolo amawaŵerenga ali mumtengo, ndipo mwana sawakhudza. Pakhomo pazitsalabe mtengo umodzi wa boloma kapena kalisere umene ana angakwere popanda wowakalipira.

Pali chifukwa china chimene sichitchulidwa poyera, koma n'champhamvu kuposa zonsezi. Pa mwambo wa Acheŵa, mwamuna amatha kukakhala kwawo kwa mkazi pa chikamwini. Malo amene amamangapo ndi a mbumba ya mkazi, ndipo mwini ana ndi atsibweni awo. Mkamwini amadziŵa kuti ukwati ukatha, kapena mkazi akamwalira, iye adzanyamula khasu ndi mphasa yake n'kubwerera kwawo. Mtengo sanyamula. Tsono mumtima amati, "Ndibzaliranji mango pamudzi pa eni?" Mkazi wopita ku chitengwa, chimene n'chofalanso ku Dowa, naye amaganiza chimodzimodzi. Nthaŵi zina eni mudzi omwe sakondwa kuona mkamwini akubzala mitengo, poopa kuti akufuna kuzika mizu n'kudzalanda malo. Paja amati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Mwa njira imeneyi pamapezeka makomo amene akhala zaka 20, abereka ana mpaka kukwatitsa, koma alibe ndi mtengo wa ndimu womwe.

Mantha ameneŵa ngomveka, koma wolangidwa ndi mwana amene sadalakwe kanthu. Pa chikamwini ana ndiwo amatsala pamalopo. Bambo amene wabzala mango kwawo kwa mkazi sadabzalire apongozi kapena alamu ake ayi. Wabzalira ana ake omwe. Ngakhale atachoka, anawo adzaudziŵa mtengo umene bambo awo adasiya, ndipo adzauza ana awo. Atsibweni anzeru, m'malo moletsa, ayenera kuitana mkamwiniyo n'kumuuza kuti, "Alamu, bzalani mitengo apa, adzadye ana athuŵa." Mawu ochepa ameneŵa atha kumasula manja a munthu amene wakhala zaka zambiri akuopa. Nawonso amayi, amene pa chikamwini ndiwo eni malo, sayenera kudikira mwamuna. Dzanja limene limabzala maungu lingathenso kubzala papaya.

Madandaulo ena ngaang'ono. Akuti mitengo imaitana udzudzu ndi njoka, mizu imang'amba nyumba, ndipo ana a eni amagenda n'kuboola denga. Udzudzu umaswana m'madzi odikha, osati m'masamba a mango. Njoka imakonda pa zinyalala ndi pa udzu wautali, ndipo pansi posesedwa siikhalitsa. Mizu siivuta ngati mtengo waukulu wabzalidwa mamita 10 kuchokera pakhoma. Za ana ogenda, amachepa pamene khomo lililonse lili ndi mtengo wake.

Dziko la Malaŵi lidayamba kale kulimbikitsa kubzala mitengo. Mu 1976, m'nthaŵi ya Pulezidenti woyamba, Dr H. Kamuzu Banda, padakhazikitsidwa Tsiku Lobzala Mitengo pa 21 Januwale, ndipo ana a sukulu ankatuluka m'makalasi ndi makasu. Masiku ano pali nyengo yathunthu yobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Mitengo yambiri imene yakhala ikubzalidwa ndi bulugamu, malaina, keshya ndi paini. Imeneyi njofunika pa nkhuni ndi milimo, ndipo pakhomo pamene pali bulugamu wokwanira, nkhwangwa siifika pa mango. Koma ndani sadaonepo mbande zobzalidwa pa mwambo waukulu, anthu akuwomba m'manja, zimene pofika Ogasiti zidauma kapena kupsa ndi moto wa osaka mbeŵa? Mtengo wa gulu umasoŵa wouthirira. Mtengo wa kuseri kwa nyumba umaonedwa m'maŵa uliwonse, ndipo amene akuyembekeza kudzadya chipatso chake sauiŵala. N'chifukwa chake sukulu zikalandira mbande zingachite bwino kupatsa wophunzira aliyense imodzi ya zipatso kuti akabzale kwawo, ndipo aphunzitsi azifunsa za mtengowo monga momwe amafunsira ntchito yokalembera kunyumba.

Ntchitoyi siiposa msinkhu wa mwana wa Sitandade 5. Ayambe wapempha malo kwa makolo. Dzenje likumbidwe mvula isanayambe, lakuya ndi lotambalala masentimita 60 kapena kuposerapo. Dothi lapamwamba liikidwe padera, lisakanizidwe ndi manyowa oola bwino a m'khola, ndipo lomwelo liyambe kubwezeredwa m'dzenje. Mbande ibzalidwe mvula itakhazikika, chubu chitachotsedwa, ndipo pa mbande yomezanitsa polumikizira pasakwiriridwe. Alangizi a zaulimi a ku Chisepo angathe kulozera kumene kuli nazale yodalirika. Wosoŵa ndalama yogulira mbande ayambe ndi papaya kapena gwafa, pakuti njere zake zimapezeka m'chipatso chimene wadya. Mapapaya abzalidwe angapo, chifukwa ena amakhala aamuna, ongochita maluŵa, ndipo limodzi lotere n'lokwanira pakhomo.

Pa nthochi pafunika kusamala kwambiri. Matenda a chisaka, amene adaoneka m'dera la Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990 n'kudzawononga nthochi zambiri ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje, amayenda ndi mbewu yodwala ndiponso ndi nsabwe za nthochi. Phata la masamba ang'onoang'ono, othinana pamwamba ngati tsache, silibereka. Liyenera kuzulidwa ndi mizu yomwe, ndipo ana ake asaperekedwe kwa munthu ngakhale atapempha.

Kubzala kumatha tsiku limodzi, koma kulera ndiko kumatopetsa. Mdani woyamba ndi mbuzi. Anthu akatha kukolola, ziŵeto zimamasulidwa, ndipo mu Sepitembala, pamene msipu wauma, kamtengo kobiriŵira kamaonekera kutali. Mpanda wa minga, wa nsungwi kapena wa zidina zosanjikiza mosiya mipata uyenera kumangidwa tsiku lobzala lomwelo, osati mbuzi italuma kale nsonga. Mdani wachiŵiri ndi chilimwe. Mvula ikasiya, mpaka idzabwerenso mu Novembala, mbande imafuna chidebe cha madzi kaŵiri pa sabata. Kumene mjigo uli kutali, madzi otsukira ndiwo zamasamba ndi otsukuluzira mbale amakwanira, malinga asakhale a sopo wambiri. Udzu wouma wophimbira pansi umasunga chinyontho, koma usakhudze tsinde kuopa chiswe. Mtengo ukadzayamba kubereka, zipatso zoola zisasiyidwe pansi, chifukwa mumakhala mphutsi za ntchentche zimene zikakula zimakaboola zipatso zina. Zitoledwe n'kukwiriridwa m'dzenje lakuya.

Wophunzira amene wabzala mu Disembala ali mu Sitandade 5 adzathyola papaya loyamba ali mu Sitandade 6. Gwafa lidzatsatira pakapita zaka ziŵiri kapena zitatu. Mango omezanitsa ndiwo amayesa mtima. Kamtengoko kamatha kuchita maluŵa kakadali kolekeza m'chiuno, ndipo alangizi amati maluŵa amenewo achotsedwe kuti mphamvu zipite ku mizu ndi ku nthambi. Ana ambiri dzanja limawauma pamenepa, poona ngati akutaya mango awo. Komabe ayenera kuchotsa, ndipo chaka chachiŵiri achotsenso. M'chaka chachitatu maluŵa asiyidwe kuti agwire zipatso. Mango oyamba adzapsa mwanayo ali mu Sitandade 8, akukonzekera mayeso. Sadzakhala ambiri, mwina okwana m'lichero. Asanalume ndi limodzi lomwe, asankhepo abwino n'kukapereka kwa amene adampatsa malo obzalapo.